Namafunso ndi nambala ya mlamu wake

Amayi ake ankakonda kunena kuti Namafunso atabadwa sanalire msanga ngati ana ena. Anayamba wayang'ana anamwino mmodzimmodzi, ngati akufuna aone kaye ziphaso zawo. Dzinali sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anzake a kuntchito, koma linamutsatira mpaka kunyumba, moti mwamuna wake, wometa tsitsi wa pafupi ndi msika, akafuna kumuseka ankagogoda pachitseko cha nyumba yake yomwe n'kumati, "Odi kuno! Ndine mwini nyumba. Tsiku langa lobadwa ndikutchulirani, ingonditsegulirani kaye."

Ankagwira ntchito ku kampani ya mafoni, m'chipinda choyankhira makasitomala. Chipindacho chinali pamwamba, chachitali ngati khola la nkhuku za mazira, mawindo ake osatsegula. Matebulo anali m'mizere, aliyense ndi kampanda kake ka matabwa, kompyuta yake, ndi mahedifoni amene ankasiya kanjira m'tsitsi. Pakhomo panali timakabati ta chitsulo. Ukamalowa unkasiya mmenemo foni yako, cholembera, ngakhale kapepala kokulungira switi, kuti pasapezeke polembapo nambala ya munthu n'kutuluka nayo. Kumbuyo kwa mipando kunkazungulira kapitawo, mayi wamfupi woyenda mosamveka mapazi, amene unkangomuzindikira ndi fungo la mafuta ake atafika kale paphewa pako.

Anthu ankaimba ndi mavuto osiyanasiyana. Wina foni yabedwa, wina mayunitsi akutha okha, wina wayiwala nambala yake. Koma asanauzidwe chilichonse chokhudza nambalayo, ankayenera kuyankha mafunso: dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso, ndi manambala amene waimbira posachedwa. Akakhoza onse, woyankha ankadina batani lobiriwira, ndipo pamenepo m'pamene tsamba la zinsinsi linkatseguka, loonetsa kumene munthuyo amakhala, manambala ena amene ali m'dzina lake, ndi anthu amene amalankhula nawo.

Anzake ambiri ankafunsa mafunsowa ngati pemphero la chakudya, pakamwa pakupemphera maso ali m'mbale. Namafunso ayi. Iye ankamvetsera zimene zili kuseri kwa yankho: kapepala kakufunyululidwa, mpweya wa munthu wachiwiri, kachete kakang'ono munthu asanatchule chaka chimene anabadwa. Ankati mwini tsiku lobadwa saliwerenga, amangolilavula. Aukali sankamuopsa. Bwana wina atakuwa kuti, "Kodi ukudziwa kuti ukulankhula ndi ndani?" iye anayankha mofatsa kuti, "N'chimene ndikufuna kudziwa, bwana." Amene ankamudetsa nkhawa anali aulemu wopitirira, oyamba n'kumufunsa za ana ndi kumuyamikira mawu. Akatero ankawongola msana, poti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Sikuti nthawi zonse ankalondola. Anabwezapo nkhalamba zoona zimene zinangoiwala chaka chobadwa, n'kuzikwezetsa minibasi mpaka ku shopu ya kampani. Ankadziwa zimenezo, ndipo zinkamukhudza, koma ankati bola munthu atope miyendo kusiyana n'kuti adzuke n'kupeza moyo wake uli m'manja mwa wina.

Munthu mmodzi yekha amene Namafunso sankamufunsa mafunso anali achimwene ake, makaniko. Bambo awo atamwalira, achimwenewo anasiya sukulu n'kuyamba kugona kunsi kwa magalimoto kuti iye ndi mng'ono wake amalize maphunziro. Tsiku la mayeso ankamunyamula panjinga, n'kumudikirira pageti ndi manja akuda amene sopo anawalephera kalekale. Atakula anatsegula galaja yawoyawo, n'kukwatira mkazi wofatsa, wosoka makatani, amene ankaseka atatseka pakamwa ndi dzanja.

Namafunso ankaona zinthu pa mlamu wakeyo. Ankaona malaya a manja aatali m'nyengo yotentha. Anaonapo mlomo wotupa, umene akuti unagundidwa ndi chitseko cha kabati. Ankaona mmene nkhani inkadukira pakati galimoto ya achimwene ikamveka panja. Munthu amene ankamva kapepala kakufunyululidwa pa foni anaona zonsezi ndi maso ake, osafunsa kanthu.

Tsiku lina achimwene atabwera kuchokera ku galaja anapeza m'nyumba muli zii. Makina osokera palibe, zovala za mkazi palibe, nambala yake yazimitsidwa. Abale a mkaziyo anangoti sakudziwa.

Patapita masabata angapo, Namafunso akutuluka kukadya masana, anamva hutala pageti. Anali achimwene, m'galimoto ya kasitomala imene ankaiyesa. Anamutsegulira chitseko. M'katimo munkanunkha oilo ndi thukuta, ndipo nkhope yawo inali itagwa, ndevu zosameta.

"Achemwali, ndabwera kwa inu ngati munthu wobwera kuchipatala," anatero. "Mlamu wanu ali ndi nambala ina. Munthu sakhala wopanda foni masiku ano, ndipo kampani amaidziwa ndi yanu yomweyi. Mungondionera nambalayo, kapena kumene analembetsa kuti akukhala. Sindikufuna zambiri."

"Achimwene, kompyuta imalemba aliyense amene watsegula tsamba la munthu. Komanso tsamba la m'bale wako sukhudza n'komwe. Ndi lamulo."

"Ndiye m'bale wanu ndi iyeyo, ine ayi?"

Namafunso anayang'ana manja awo pa chiwongolero. Anali manja omwe aja a pageti ya sukulu. Funso linatuluka lokha.

"Mukawapeza mukufuna mukawatani?"

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe, ukundifunsa ine? Mafunso a ku ofesi ukubwera nawo kwa ine?" Anapuma mwamphamvu, kenako anatsitsa mawu. "Pali mwamuna. Ukuganiza kuti mkazi anganyamule makina osokera aja yekha pamutu? Anthu akundiseka, ndipo mlongo wanga wakhalira yankho pampando."

Namafunso anatsika m'galimotomo osadya, njala itathawa. Mawu onena za makina osokera aja anamukhala m'mutu. Nanga anawanyamuladi ndani? Kapena mlamu wofatsa uja anali ndi zake? Kapena chitseko cha kabati chija chinalidi chitseko? Kwa nthawi yoyamba sanadziwe woti amukayikire, ndiye anangokayikira onse awiri.

Pafupi ndi tebulo lake pankakhala bambo wina wachikulire amene anzake ankamutcha Abusa, chifukwa ankalankhula motsitsa ndipo kasitomala aliyense ankamutsanzika ndi madalitso. M'mawa wina, Namafunso akudikirira foni yotsatira, anamva Abusa akubwereza dzina lonse la mlamu wake. Anakankha hedifoni imodzi pang'ono kuti khutu lipume.

"Pepani mayi, funso lomalizali simunakhoze," Abusa ankatero. "Musalire, mayi, musalire. Inde, nambala ina m'dzina lanu ilipo, koma sindingakutchulireni. Ambuye akutsogolereni."

Namafunso analuma mlomo. Abusa ankaganiza kuti akana, chonsecho anali atapereka kale kanthu: woimbayo tsopano ankadziwa kuti nambala ina ilipodi. Patapita masiku, anamvanso dzina lomwelo mzere wa kumbuyo, mtsikana wina akunena kuti, "Ayi mayi, adiresi imene mwatchulayo ndi yakale, inasinthidwa." Chenjerero limeneli ankalidziwa bwino. Munthu amaimba kambirimbiri, kwa oyankha osiyanasiyana, aliyense n'kumugwetsera nyenyeswa imodzi, mpaka nyenyeswazo zikwane buledi.

Anayenera kukanena kwa kapitawo tsiku lomwelo. Koma akanena, akatchula ndani? Achimwene ake enieni? Nanga ngati woimbayo analidi mlamu, foni yamutayikadi, ali kutali kopanda womuthandiza? Oyankha onse awiri ankamutcha mayi, ndiye anali mkazi. Mkazi uti? Anayamba kuwerenga m'mutu akazi onse ozungulira achimwene: mayi wogulitsa masipeyala pafupi ndi galaja, mkazi wa mnzawo wa matayala, ngakhale amayi awo omwe. Kunyumba anapanikiza mwamuna wake, poti achimwene ankametedwa pampando wake.

"Akabwera kudzameta mumakamba chiyani?"

"Mpira."

"Za ntchito yanga sanakufunseni? Mafunso amene timafunsa, nthawi imene ndimalowa?"

Wometayo anaika lumo pansi n'kuseka. "Mayi, ine ndingaulule chiyani? Zaka zonsezi simunandiuzepo ngakhale mtundu wa penti ya ku ofesi kwanu. Anthu akandifunsa ndimangoti mkazi wanga amagwira ntchito m'chipinda."

Namafunso sanaseke naye. Anangomuyang'ana mpaka kuseka kwake kunatha kokha.

Foniyo inamufikira masana ena kukutentha, anthu ambiri atapita kukadya. Anayankha ndi mawu ake a kuntchito, osalala ndi okwera pang'ono, amene mwamuna wake ankawatcha mawu a pa wailesi.

"Takulandirani. Ndikuthandizeni chiyani?"

Mawu a mkazi anabwera osasa, otsekeka, ngati akudutsa m'nsalu. Anati foni yake yabedwa m'minibasi, nambala yatsopano sanaisunge pamtima, akufuna akumbutsidwe, komanso amuwerengere adiresi kuti aone ngati inalembedwa bwino. Anatchula nambala yakale. Namafunso atailowetsa, dzina la mlamu wake linatulukira pa sikirini, batani lobiriwira lili pansi pake.

Anayenera kuimitsa pomwepo n'kupereka foniyo kwa wina. Koma khutu linakana. Ankafuna amve.

"Dzina lanu lonse, mayi?"

Linabwera bwinobwino.

"Tsiku lobadwa?"

Kachete kakang'ono, kenako tsikulo, lolondola.

"Nambala ya chiphaso?"

Inabwera m'zidutswa, ngati mmene munthu amawerengera chinthu chimene wina wamugwirira patsogolo. Kuseri kwa mawuwo makina opopera matayala anapuma mwamphamvu, ndipo sipanala inagwa pa simenti, ngwee! Namafunso anatseka maso. Phokoso limenelo analikuliramo.

"Munditchulire manambala amene mwaimbira posachedwa."

Panamveka kunong'ona kwa mwamuna. Kenako mkaziyo anakoka mphuno kawiri motsatizana asanayankhe. Munthu wokoka mphuno motero Namafunso ankamudziwa mmodzi yekha, ndipo ankatero kuyambira ali mwana akamakana kuti sananyambite shuga. Anali mng'ono wake.

"Ndimaimbira amuna anga," mawuwo anatero, n'kutchula nambala ya achimwene.

"Pepani mayi, yankho limeneli silikugwirizana ndi zimene tili nazo. Sindingathe kupitiriza."

Mwina mawu a pa wailesi aja anaterereka pang'ono, chifukwa mbali inayo kunakhala chete, kenako nsalu inachoka pakamwa.

"Asisi? Asisi, ndinu eti? Achimwene, ndi asisi awa!"

Foniyo inalandidwa. Mawu a achimwene anadzaza m'mahedifoni, otsika, onyengerera. "Mulungu ndi wamkulu. Mlongo wanga, dina chodinacho. Ungonditchulira dera lokha, basi. Palibe amene akukuona."

Chala chake chinali pafupi ndi batanilo. Mwa iye munali kamtima kena kamene kankafuna kudina, osati chifukwa cha achimwene okha, komanso kuti iye mwini adziwe: mlamu ali kuti, akulankhula ndi ndani, mwamuna uja alipodi kapena ayi. Zonse zinali kuseri kwa kabatani kamodzi. Anachotsa dzanjalo n'kulikhalira.

"Bambo," anatero, ndipo liwulo linamuwawa politulutsa, "foni ino ikujambulidwa. Mwini nambala apite yekha ku shopu yathu ndi chiphaso chake."

"Wanditcha chiyani?"

"Zikomo poimba."

Anadula, n'kukweza dzanja. Kapitawo anali kale paphewa pake.

Anamulowetsa m'kachipinda kopanda windo, mmene munali tebulo limodzi ndi mipando yosafanana. Kunabwera bambo woona za chitetezo cha kampani, wamtali, wa tayi yofiira, womwetulira nthawi zonse ngati wakumana ndi mnzake wakale. Anatsegula zojambulidwa zija. Mawu akuti "Asisi, ndinu eti?" anawabwereza kangapo, akumuyang'ana kumaso.

"Mayi, woimbayu ndi mng'ono wanu. Wonong'onayo ndi mchimwene wanu. Mwini nambala ndi mlamu wanu. Ndalakwitsa?"

"Simunalakwitse."

"Dzina litatuluka pa sikirini, bwanji simunapereke foniyo kwa wina?"

"Ndinkafuna ndidziwe amene akuimba."

"Ntchito imeneyo ndi yanga, si yanu. Munayamba liti kudziwa kuti nambalayi ikusakidwa?"

Anawauza zoona: za m'galimoto, za Abusa, za mtsikana wa mzere wa kumbuyo. Kapitawo anapukusa mutu.

"Ndiye masiku onsewa munangokhala chete?" bamboyo anafunsa, akumwetulirabe. "Chinanso. Muno muli anthu ambirimbiri. Foniyi yafikira bwanji pa tebulo lanu, nthawi imene anzanu apita kukadya? Simunapangane? Kapena munapangana, kenako mwaona kapitawo akubwera n'kusintha maganizo?"

Namafunso anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunagwire. Akanakhala iye mbali inayo ya tebulo, akanafunsa zomwezo, mwinanso zoposa. Bamboyo anamuuza kuti akakhale kunyumba mpaka afufuze. Potuluka anadutsa pakati pa mizere ija, ndipo anthu amene ankadya naye limodzi anapeza chochita pa makompyuta awo. Pa kabati ya chitsulo mlonda anamupempha kuti atsegule chikwama, chinthu chimene anali asanachitepo.

Kunyumba masiku anatalika. Anachapa makatani, anakolopa kuseri kwa firiji, anasanja mbale zimene zinali zosanja kale. Foni ikalira ankayang'ana nambala nthawi yaitali asanayankhe, poganiza kuti mwina ndi a kampani akumuyesa. Amayi ake anabwera, n'kukhala pampando osavula nsapato.

"Chibale n'fupa, mwana wanga, sichiola. Mchimwene wako anakulera. Lero wamutcha bambo ngati munthu wa mumsewu?"

"Amayi, mlomo wa mlamu uja munauona?"

"M'banja mumachitika zambiri. Akulu akanawakhazika pansi."

"Ndiye akuluwo akawafunefune okha. Ine ayi."

Mng'ono wake anabwera tsiku lina, maso ali ofiira, n'kuima pakhomo osalowa. Ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu, ndipo nsalu imene anatsekera pakamwa ija mwina inali ya komweko.

"Anandiuza kuti akungofuna kupepesa, asisi. Analira. Inu munawaonapo achimwene akulira? Anandipatsa fotokope ya chiphaso cha alamu, anati ndingowerenga. Ndinkaona ngati ndikumanga banja."

"Unaimba kangati?"

"Kambiri. Sindinawerenge."

"Nanga malaya a manja aatali aja iwe sunkawaona?"

Mng'onoyo anakweza maso. Sanakoke mphuno. "Ndinkawaona. Inunso munkawaona."

Namafunso anatsegula chitseko chonse. Anamulowetsa, anateleka madzi a tiyi, ndipo anamwa osayang'anana.

Atamuitananso ku ntchito, bambo wa tayi yofiira uja anamuuza kuti kompyuta yamuikira umboni: tsamba la mlamu wake sanalitsegulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anamuchenjeza chifukwa chochedwa kunena. Abusa ndi mtsikana uja anawabweza ku maphunziro, ndipo kuyambira pamenepo nambala ikaimbiridwa ndi munthu wolephera mafunso kangapo, inkatsekedwa mpaka mwini wake aonekere yekha.

"Nanga mwini wake?" Namafunso anafunsa, kenako anadzigwira pakamwa. "Pepani. Si zanga."

Bamboyo anamuyang'ana, ndipo ulendo uno sanamwetulire. "Tinamudziwitsa kuti wina wakhala akuyesa kulowa. Anabwera yekha ku shopu, watseketsa zonse, wachoka ku kampani yathu. Izi ndakuuzani chifukwa anatchula inu. Anati muno muli mlongo wa mwamuna wake, ndiye sangagone tulo."

Namafunso anabwerera pa tebulo lake. Abusa anasiya kumupatsa moni kwa kanthawi, ndipo atayambiranso, madalitso ankawasungira makasitomala okha. Achimwene anasiya kumeta kwa mwamuna wake. Akakumana kwa amayi, ankaimirira n'kunena kuti, "Afika a kampani, tiyeni tibise ziphaso," kenako n'kutuluka kukakhala m'galimoto. Anthu ena a m'banjamo ankati Namafunso anachita bwino, koma ankanena motsitsa, atayang'ana kaye kukhomo. Iye anapitiriza ntchito yake monga kale, kungoti woimba akakhoza msangamsanga tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso, sankamasuka nazo. Anali ataona kuti mafunso amenewo amatchinga mlendo, koma munthu amene unagona naye nyumba imodzi amawadutsa ngati pakhomo pake.

Miyezi inapita. Loweruka lina mvula ikuwaza, anakwera minibasi kuchokera mumzinda atanyamula thumba la sopo ndi mafuta ophikira. Kondakitala anamukankhira mpando wa kumbuyo, pafupi ndi mayi wina wometa tsitsi lonse, amene anakumbatira mpukutu wa nsalu wokutidwa ndi pulasitiki. Atakhala, mawondo awo anagundana. Mayiyo anatembenuka kuti apepese, ndipo mawu anamuthera pakamwa.

Anali mlamu.

Anali atanenepako pang'ono. Maso ake anathamangira pachitseko, kenako pa windo la kumbuyo, kuyang'ana magalimoto amene ankawatsatira.

"Mwanditsatira?" anafunsa monong'ona.

"Ayi, mlamu. Ndikuchokera kogula zinthu. Onani." Anakweza thumba lija ngati umboni.

"Ali kuti?"

"Sindikudziwa. Sitilankhulana."

"Aliyense amatero."

"Nambala yanu ija sindinaipereke. Sindinaione n'komwe."

Mlamuyo anamuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake munalibe chidani, koma munalibenso chikhulupiriro. "Mwina," anatero. "Nanga ine ndingadziwe bwanji?"

Panalibedi njira. Minibasi inagwedezeka pa maenje, madzi akudontha pa denga n'kugwera pa pulasitiki ya mpukutu uja. Mafunso anadzaza m'kamwa mwa Namafunso. Mukukhala bwino? Muli ndi ndani? Anakuthandizani ndani tsiku lija? Bwanji simunandiuze? Anawameza onse. M'malo mwake anayamba kuona zimene mlamu ankachita. Siteji iliyonse ikamayandikira, zala zake zinkafinya mpukutuwo, thupi n'kusendera kutsogolo pang'ono, kenako n'kubwerera. Pa siteji ina anatsegula pakamwa kuti aitane kondakitala, koma anatsekanso. Namafunso anazindikira kuti mayiyu sangatsike iye akuona. Akanalolera kupitirira mpaka kumapeto kwa msewu, n'kubwerera wapansi ndi katundu wake m'mvula.

Kwawo kwa Namafunso kunali kudakali kutali. Anagogoda denga.

"Kondakitala, ndisiyeni pano."

"Pano, mayi? Simunati mukutsikira kumtunda?"

"Ndasintha maganizo."

Anadzikoka pakati pa mawondo a anthu, thumba likukola m'mipando. Botolo la mafuta linatsalira pansi, ndipo atafika panja anamva wina akugogoda windo. Mlamu analitulutsa pa kampata ka galasi. Polandira, zala zawo zinakhudzana.

"Muwapatse moni alamu ometa," mlamuyo anatero, mawu ali pansi.

"Amva."

Namafunso anathamangira pakhonde la sitolo ina yogulitsa mapaipi ndi misomali, n'kuima chofulatira msewu, akuwerenga mitengo ya zinthu zimene sankazifuna, mpaka phokoso la minibasi lija linasakanikirana ndi la magalimoto ena. Mwini sitolo anatuluka n'kumufunsa ngati akufuna kanthu. Anati ayi, akungousa mvula. Bamboyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ananso thumba lake, n'kukokera m'kati ndowa ya maloko imene inali pafupi ndi mwendo wake.

Minibasi yotsatira inadutsa yodzaza, inanso chimodzimodzi. Mvula itachepa anavula nsapato zake za kuntchito, zimene sizinkagwirizana ndi matope, anaziika pamwamba pa sopo, n'kuuyamba wapansi.